Mukamakafikira kwa anzanu kunja

Abale amene mukufuna kuzungulira maiko ndi chikwama kumsana n'kumagona kwa anzanu, musananyamuke pa Wenela lembani papepala adiresi ndi nambala ya amene mukukafikira. Pa Beitbridge, malire olowera ku South Africa kuchokera ku Zimbabwe, atha kukufunsani kuti mukukakhala kuti, ndiye basi yochoka ku Blantyre kudzera Mwanza ndi Tete imatha tsiku lonse ndi usiku, foni imakhala yathima kale. Ine ndinafika pa Park Station ku Johannesburg usiku batire itatha, kapepala komweko ndi kamene kanandipulumutsa.

Komanso auzeni mudakali kuno masiku enieni amene mukakhale, osangoti "ndikubwera", enatu amakhala kachipinda kamodzi ndipo magetsi ndi ogula mayunitsi. Atengereni mpunga wa Kilombero ndi Nali, amazisowa kwambiri, mukafika muzigulako ndiwo ndi kutsuka mbale osadikira kuuzidwa.