Mayi wa mapasa, chotupa cha m'bere chisadutse milungu iwiri

Kafukufuku wa ku Sweden anapeza kuti khansa ya m'mawere imachepako pang'ono mwa amayi amene anabereka mapasa, koma wa kwina sanaone kusiyana. Choncho musawerengere mapasa kuti ndi chishango. Chodziwika bwino n'chakuti kuyamwitsa kumateteza: kafukufuku wamkulu wa mu 2002 anaonetsa kuti miyezi 12 iliyonse yoyamwitsa imachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi 4 peresenti. Komanso mayi akangobereka, chiopsezo chimayamba chakwerako, n'kufika pachimake patatha zaka ngati 5, kenako n'kumatsika.

Vuto la mayi woyamwitsa ana awiri kapena atatu ndi loti mawere ake amakhala odzaza ndi olimba usana ndi usiku. Chotupa chimabisala m'menemo, apongozi n'kumati, "Ndi mkaka umenewo, mayi a mapasa, ingoyamwitsani." Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Njira ya mkaka ikatsekeka pamapweteka, koma mwana akayamwa bwino pamafewa m'masiku awiri kapena atatu. Chotupa cha khansa sichisintha ngakhale ana ayamwe mpaka kukhuta. Chimakhala cholimba, chosasuntha bwino, ndipo kawirikawiri sichipweteka, n'chifukwa chake anthu amachinyalanyaza.

Dziyezeni kamodzi pamwezi, ana atangomaliza kuyamwa, bere litaphwa. Gonani chagada, dzanja limodzi kuseri kwa mutu. Ndi mimba za zala zitatu zapakati za dzanja linalo, dinikizani mozungulira bere lonse, poyamba mopepuka, kenako mwamphamvu mpaka mumve nthiti. Fikani m'khwapa ndi pansi pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi. Ambiri amatsina bere ndi zala ziwiri, ndiye chilichonse chimamveka ngati chotupa. Mukatha, imani pagalasi. Khungu lokhala ndi timaenje ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere yolowa m'kati chatsopano, kapena magazi otuluka kunsonga popanda chilonda, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala.

Muzisinthanitsa ana mawere. Mwana mmodzi akazolowera mbali imodzi, simungadziwe ngati akukana bere kapena wangokhala waulesi poyamwa. Koma onse awiri akamakana bere lomwelo, liyezetseni.

Chotupa chikakwanitsa milungu iwiri, tengani buku lanu la kuchipatala mupite kuchipatala cha m'dera lanu; ngati muli mu Blantyre, ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Limbe kapena Chilomoni. Musadikire tsiku la sikelo. Ngati bere lafiira, latentha, ndipo mwamaliza mankhwala onse amene anakupatsani kuchipatalako koma silinasinthe, bwererani mukapemphe kalata yopita ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Kumeneko amaunika ndi sikani, ndipo akakayikira amatenga kanyama pang'ono ndi singano kuti akayeze. Zonsezi zimatheka mukuyamwitsa. Mphini ndi zopakapaka zimangodya miyezi imene chotupa chikanachotsedwa chidakali chaching'ono.

Mukauzenso namwino ngati mayi anu kapena mchemwali wanu anadwalapo khansa ya m'mawere, ndipo alembe m'bukumo.