Foni ikamagwira ganyu, isaulule komwe mumagona

Masiku ano kuli mapulogalamu a pa foni opempha anthu wamba kuti azitumiza zomwe foni yawo yajambula: kugwedezeka pa maenje a mumsewu, phokoso la mumsika, mphamvu ya netiweki. Ena amalipira ndi ndalama za pa intaneti zija amati cryptocurrency. Kwa inu akabaza amene mumazungulira Luwinga, Katoto ndi Chibavi mumzinda wa Mzuzu tsiku lonse, ganyu wotere ndi wokopa ndithu. Koma musathamangire kuvomera.

Lipoti lililonse limapita ndi malo komanso nthawi. Ngati loyamba limachokera pa geti limodzimodzi ku Mchengautuwa 5 koloko m'mawa, lomaliza n'kuchokeranso pomwepo usiku, wolandirayo nyumba waidziwa kale, dzina alibe nalo ntchito. Kafukufuku wa mu 2013, amene anaunika mayendedwe a anthu 1.5 miliyoni, anapeza kuti malo anayi okha ndi nthawi zake amakwanira kuzindikira anthu 95 mwa 100 alionse. Choncho yatsani pulogalamuyo mukafika pa siteji, ndipo zimitsani GPS, yomwe imasonyeza komwe muli, musanakhotere njira ya kwanu.

Eni pulogalamu nawonso ali ndi nkhawa yawo. Alipo ena amene angagwedeze foni ali gone pamphasa kuti azioneka ngati adutsa m'maenje. N'chifukwa chake amapereka mapointi a kukhulupirika, ndipo wa mapointi ochepa malipoti ake sawerengedwa mokwanira. Apa m'pofunika kufunsa: mapointiwo amangiriridwa pa chiyani? Ngati ndi pa nambala ya foni, kumbukirani kuti SIM munalembetsa ndi chiphaso cha unzika. Dongosolo labwino limakhala ngati kuponi yodindidwa ili mu envulopu yomata: chidindo chimatsimikiza kuti ndinu wodalirika, koma wodindayo sangadziwe kuti lipoti ili ndi lija achokera kwa munthu mmodzi.

Pa malipiro, Bitcoin, imodzi mwa ndalama za pa intanetizi, si yobisika monga ambiri amaganizira. Kaundula wake aliyense atha kuwerenga, ndiye malipiro alionse muzilandirira pa adilesi yatsopano, imene ili ngati nambala ya akaunti yolandirira ndalamazi. Mawu 12 kapena 24 otsegulira chikwama chanu cha ndalama za pa intanetizi lembani papepala, osati kuwajambula m'foni. Foni yomweyo ndi imene imagwa m'matope a dzinja.

Banki yaikulu ya Reserve inanena mu 2019 kuti ndalama zoterezi si zovomerezeka ngati kwacha, ndiye za mafuta a mawa musadalire pamenepo. Ndipo pulogalamu ikayamba ndi kukupemphani ndalama yolowera, ichotseni m'foni tsiku lomwelo.