Laputopu itakana kulowa, ndinaidzutsa ndi fulashi

Laputopu yanga inkayaka ndithu, koma inkangothera pa sikirini yakuda yolembedwa "grub rescue>". Mawuwa amaoneka GRUB, pulogalamu imene imadzutsa sistemu, ikasokonekera. Mafayilo anga onse a ntchito anali mu laputopumo.

Pa kompyuta ina ndinatsitsa SystemRescue, Linux imene imayenda kuchokera pa fulashi osadalira hard disk, n'kuiika pa fulashi ndi Rufus, pulogalamu yoikira sistemu pa fulashi. Kenako mu foda ya sysrescue.d ya pa fulashipo ndinalemba "copytoram: true" m'fayilo ya YAML, fayilo ya malangizo imene SystemRescue imawerenga ikamayaka. Kamzere kameneka ndimakakonda kwambiri: sistemu yonse imakopedwa mu RAM, memore ya kompyuta, ndiye ukhoza kuzula fulashiyo, bowo la USB n'kutsala la diski yosungirapo mafayilo.

Fulashi inayamba kugwira nditazimitsa Secure Boot, chitetezo chokana sistemu zosavomerezeka, mu BIOS, momwe mumasinthira kayakidwe ka kompyuta.

Nditalowa, lamulo la lsblk linandionetsa magawo onse a diski. Gawo la mafayilo ndinalitsegula ndi "mount -o ro", kuti lingowerengedwa, pasalembedwe chilichonse, n'kukopera zonse pa diski yosungirapo ija ndi lamulo la rsync. Apa sindifuna zothamanga, kukopa kumayamba, kukonza pambuyo.

Zitatha izi ndinayendetsa fsck yokonza zolakwika pa diski, ndinalowa mu sistemu ya laputopuyo ndi chroot, n'kupanga grub-install kuti ndiikenso GRUB. Nditayatsanso, laputopu inalowa bwinobwino.