Galimoto yakale yozimazima pa maloboti

Mwati galimoto yanu ya kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) ikumazima mukaima pa maloboti. Khalani ndi sikuludiraiva, sipanala ya mapulagi ndi mankhwala otsukira kabuleta.

1. Onani fyuluta ya mpweya. Ngati yadzaza fumbi, sinthani.
2. Injini ikulira, mvetserani timapaipi ta labala. Kolira ngati njoka kang'ambika, ikani kena.
3. Injini ikazizira masulani mapulagi. Akakhala ndi mwaye, petulo akuchuluka. Zimachitika kawirikawiri pa galimoto yochokera ku Durban, chifukwa Johannesburg muno tili pamtunda, mamita oposa 1,700, ndipo mpweya ndi wopepuka.
4. Tsukani kabuleta.
5. Potokolani sikuluu ya idle (ya pa kabuleta, yowongolera liwiro la injini musanaponde mafuta) kufikira injini izizungulira pafupifupi ka 800 pa mphindi (800 rpm). Ambiri amalakwitsa apa, amaigwira injini isanatenthe. Chonde idikireni itenthe kaye, apo ayi mawa izimanso.