Abale a ku Joni, musagule malo a kunyanja pa foni

Tonse amene timagona m'tizipinda talendi ku Johannesburg kuno timalota chimodzimodzi: kanyumba ku Mangochi kapena ku Senga Bay, khonde loyang'ana madzi, chambo chongotsika kumene m'bwato. Sindikukunenani ayi. Nanenso ndinkalota choncho, mpaka thukuta langa la zaka zitatu linapita m'madzi.

Dobadoba wa malo amene ndinagula ndinamupeza pa gulu la WhatsApp. Wakamwa kotsekemera, uthenga uliwonse kuyamba ndi "bwana wanga". Ananditumizira vidiyo mu Novembala: mchenga woyera, mitengo iwiri ya mango, nyanja ili chapatali ndithu. Anati pali mzungu wina akuwafunanso malowo, ndikachedwa ndilira. Ndinatumiza theka la ndalama sabata yomweyo, ine ndi kalata ya amfumu yojambulidwa pa foni basi.

Zomwe sanandiuze n'zoti Novembala ndi nthawi imene nyanja imakhala itaphwera. Imadzaza cha mu Epulo ndi Meyi, mvula ikatha. Mu 2024 madzi anakwera mpaka kufika pa mulingo wopitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, malo ogona alendo ambiri ku Mangochi anamira. Mlamu wanga atapita kukaona, anapeza maziko anga ali pansi pa madzi, ana akuwedza pamene ndinkati padzakhala pabalaza. Mango aja ankangooneka nsonga.

Imeneyo inali nkhani yaing'ono. Madzi atabwerera kunatulukira amalume a mbumba ya pamalopo, ndodo m'manja, kufunsa kuti wakumba pa munda wa alongo awo ndani. Amene anandigulitsa uja anali mkamwini chabe! Kumeneko malo amayendera kuchikazi, mkamwini alibe mphamvu yogulitsa ngakhale phazi limodzi. Dobadoba anasintha nambala. Ku ofesi ina kumene ndinakadandaula anandiyendetsa masiku anayi a tchuthi changa, lero "abwana ali kumsonkhano", mawa "fayilo sikuoneka", kenako wina n'kundifunsa mondiseka kuti, "Achimwene, munagula bwanji munda musanaupondepo?" Zinandiwawa chifukwa amanena zoona.

Ndiye mverani. Pitani nokha, ndipo mupite mu Epulo kapena Meyi, osati pa Khirisimasi pamene tonse timatsikira kumudzi. Ngati mapepala anu kuno sakulolani kutuluka, dikirani, nyanja sithawa. Osatuma m'bale amene akuyembekezera kudyapo. Mukafika yang'anani zipupa za nyumba zoyandikana, mzere umene madzi anasiya sunama. Funsani amayi otsuka mbale pagombe kuti madzi anafika pati, iwo sakugulitsani kanthu.

Bungwe loyang'anira za madzi la National Water Resources Authority limaletsa kumanga pansi pa mulingo wa mamita 477. Lembani saveya wanuwanu akuyezereni zimenezo ndi kuika mabikoni. Za lizi ndi kufufuza mwini malo mukachite ku Unduna wa za Malo, loya akhalepo. Kalata ya amfumu payokha si umwini, ndipo pogulana pakhale eni mbumba, osati wogulitsa yekha ndi anzake awiri. Amene munatenga pasipoti ya dziko lina, konzani kaye za unzika wanu wa Malawi, chifukwa malamulo a malo omwe anasinthidwa mu 2022 amamuthina munthu yemwe si nzika.

Ena mukuti bola kumtsinje, cha ku Liwonde. Kukongola n'kokongoladi, koma Shire ali ndi eni ake: mvuu zimatha chimanga usiku umodzi, ng'ona sizisankha mbuzi kapena mwana. Kuchigwa, ku Chikwawa ndi Nsanje, musandifunse n'komwe, munaona nokha za namondwe Freddy mu Malichi 2023. Kunyanja nako kuli likodzo, udzudzu, ndi mwera wa m'miyezi yozizira umene umasasula denga lokhomedwa mwaulesi. Nanga nyumba yokhala yotseka miyezi 11 pachaka, mukuganiza kuti chiswe chikusungirani? Muwerengeretu malipiro a mlonda mwezi ndi mwezi.

Ine ndinadzagula pena, kumtunda, mphindi khumi kuyenda pansi kuti ufike pamadzi. Nyanja ndimaionera pakhonde. Maziko akale aja akadalipo, ndamva kuti asodzi amayanikapo usipa.