Mwangoyamba kuphunzitsa ku yunivesite? Yambirani apa

Mwafunsa kuti mwapeza ganyu yophunzitsa maola ochepa pa sabata ku yunivesite ya MUST (Malawi University of Science and Technology), ku Ndata kuno ku Thyolo, koma za uphunzitsi simunaphunzirepo. Chitani izi.

Choyamba, pitani kwa mkulu wa dipatimenti mukapemphe ndondomeko ya phunziro lanu ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo.

Kenako pemphani mphunzitsi mmodzi wakale kuti mukakhale kumbuyo m'kalasi mwake. Apa mpamene pagona nkhani. Musalembe zomwe akuphunzitsa, lembani momwe akuphunzitsira: amayamba bwanji, amafunsa liti, amatani kalasi ikangoti zii. Mukatero muitaneni nayenso adzakuonereni, ndipo akuuzeni mosapsatira. Zimachititsa manyazi, inde, koma digiri yokha siphunzitsa munthu kufotokoza.

Chachitatu, pakatha milungu itatu gawani timapepala kuti ophunzira alembe, osaika dzina, chomwe sanamvetse. Muyankhe tsiku lotsatira.

Pomaliza, funsani ku ofesi ngati aganyu amaloledwa pa maphunziro osula aphunzitsi, mulembetse msanga. Satifiketi iliyonse ndi ndemanga za ophunzira muzisunge mufayilo imodzi, zidzafunika pofunsira ntchito yokhazikika.