Momwe mungakonzere nyumba yakale ya miyala yofolera ndi udzu ku England

M'midzi ya ku Dorset, Devon ndi Cotswolds muli tinyumba ta makoma ochindikala a miyala, tokhala ndi madenga a udzu opendekeka madigiri 45 kapena kuposerapo, kuti madzi a mvula azitsika msanga n'kugwera patali ndi khoma. Zambiri mwa nyumbazi zimatetezedwa ndi lamulo la chaka cha 1990, choncho mwini wake sangazikonze mmene wafunira.

Choyamba, fufuzani ngati nyumbayo ili pa mndandanda wa National Heritage List for England, umene bungwe la Historic England limasunga pa intaneti. Mukaipeza, kaonaneni ndi mkulu woona za nyumba zakale ku khonsolo musanayambe ntchito, chifukwa kusintha mtundu wa udzu kumafuna chilolezo chotchedwa Listed Building Consent. Pempholi salipiritsa ndipo yankho limayenera kutuluka pasanathe milungu 8, koma wogwira ntchito popanda chilolezo akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka 2.

Kenako itanani mmisiri wofolera kuti akuuzeni zimene zili padengapo. Kaya ndi bango la m'madambo, monga lodziwika la ku Norfolk, kaya mapesi a tirigu opesedwa, amene ndi ofala ku Devon, kaya mapesi opunthidwa, mubwezeretsepo zomwezo.

Apa ndiye pagona nkhani. Kwathu tinazolowera kusasula udzu wonse wakale tisanafolere watsopano, koma panyumba izi, makamaka zofolera ndi mapesi, mmisiri amangochotsa wapamwamba umene waola, n'kukhomera watsopano pa wakalewo ndi zikhomo zopinda za mtengo wa hazel. Mukakwera kudenga ndi tochi m'nyumba zina za ku Devon, mudzaona mapesi akuda bii ndi mwaye wa moto umene anthu ankakoleza pakati pa nyumba kusanabwere machumuni. Ena mwa mapesiwa atha zaka zoposa 500, ndipo ngala zake zikadalipo, zosonyeza mbewu zimene alimi a nthawiyo ankadzala. Ine ndimaona kuti kutaya udzu umenewu n'kulakwa kwakukulu kuposa kugwetsa chitseko chakale, pakuti palibe mmisiri amene angaupangenso. Mzere wa pamwamba penipeni pa denga ndiwo umatha msanga, ndipo umafuna kukonzedwa pakatha zaka 10 mpaka 15.

Mukapeza zitosi za mileme kudenga, imitsani ntchito n'kuitana katswiri, popeza mileme ndi malo ake ogona n'zotetezedwa ndi lamulo.

Pomata makoma gwiritsani ntchito laimu, osati simenti, imene imatsekera chinyezi mkati mpaka miyala kuyamba kufumbutuka.

Chomaliza ndi moto, umene nthawi zambiri umayambira pa mbaula ya nkhuni. Chumuni chitalike mamita 1.8 pamwamba pa udzu, chizisesedwa kawiri pachaka, ndipo muzisonkhezera nkhuni zouma zokhazokha.